Chisipanishi cha pa Nyuzipepala: Nkhani ya pa Wailesi



Wina angafunse kuti: kodi munthu wa ku Thyolo achita nacho chiyani Chisipanishi? Yankho lili mu tiyi yemweyo. Ku Argentina, m'chigawo cha Misiones, amalima tiyi wambiri amene amapikisana ndi wathu pa misika ya kunja, ndipo nkhani za mitengo ndi zokolola zawo amazilemba m'Chisipanishi. Mwana wa mlimi akatha kuziwerenga yekha, sangamakhalirenso nkhani za m'maluwa.

Chinenerochi sichachilendo kwenikweni. Mau oti kapitawo, nsapato ndi kalata tinabwereka ku Chipwitikizi, chimene anansi athu a ku Milange amalankhula. Chisipanishi ndi m'bale wake wa Chipwitikizi, ndipo mau atatuwa chimawatchula kuti capitán, zapato ndi carta.

Tsono tengani pensulo. Nyuzipepala iliyonse ndi periódico. Yotuluka tsiku ndi tsiku, monga Daily Times, ndi diario, kuchokera ku liu loti día, ndiye kuti tsiku. Yotuluka kamodzi pa sabata, monga Malawi News, ndi semanario, pakuti sabata ndi semana. Magazini ndi revista, ndipo ikakhala ya pamwezi amati revista mensual. Tsamba loyamba ndi portada, mutu wa nkhani ndi titular, pamene tsiku limene pepala latuluka ndi fecha.

Mau amenewa musawapeputse. Mtengo wa tiyi wolembedwa mu diario ndi wa dzulo, koma wa mu revista mensual ungakhale wa mwezi watha. Wosayang'ana fecha angauze anzake mtengo umene unasintha kale, nawasokeretsa.

Chenjezo ndi ili kwa inu odziwa Chipwitikizi: abale awiri sakhala ofanana pa zonse. M'Chipwitikizi jornal ndi nyuzipepala, koma m'Chisipanishi jornal ndi malipiro a ntchito ya tsiku limodzi, monga a munthu wa ganyu. Mukaona liuli pa nkhani ya alimi a ku Misiones, dziwani kuti akukamba za ndalama za antchito anzanu.

Lembani mau atatu okha m'kope usiku uno, mawa mukawatchule pothyola tiyi. Tsalani bwino, mugone kutali ndi moto.