Makalata anu onse ali m'mimba mwa fayilo imodzi

Anzanga, kaya muli muno kaya mudzawerenga izi pa foni, nkhani yanga lero ndi ya laputopu ya kalabu ija.

Nonse mukudziwa kuti mu laputopu muja muli VirtualBox, pulogalamu yaulere ya kampani ya Oracle, ndipo mkati mwakemo ndi momwe timayatsa Ubuntu tikamaphunzira. Imeneyo ndiye amati virtual machine, kompyuta yongoyerekeza yokhala m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Tinaiika kuti ongoyamba kumene azidina chilichonse mopanda mantha, akasokoneza asawononge Windows ya kunja. Koma taonani zomwe zachitika. Poti ndi momwe timakhalitsa, tayamba kusungiramo zinthu zenizeni. Ma CV athu alimo, zithunzi za masatifiketi a MSCE ndi zitupa za unzika, makalata ofunsira malo ku TEVETA, ngakhale kaundula wa banki m'khonde yathu, wosonyeza amene wakongola zingati ndi amene wabweza. Zonsezo tazisiya m'kompyuta yomwe tinaipanga kuti tiziseweretsa.

Mukatsegula Ubuntu mumaona mafoda ali ndandanda, aliyense ndi dzina lake, mtima n'kukhala m'malo. Windows ya kunja siona choncho ayi. Kwa iyo, zonsezo ndi fayilo imodzi yokha, dzina lake lothera ndi .vdi, yomwe ili mu foda yotchedwa VirtualBox VMs. Zili ngati thumba la usipa: m'katimo usipa ndi wosawerengeka, koma thumbalo likagwa m'boti pakati pa nyanja, sipatsala ndi kamodzi komwe.

Ndipo njira zoti ligwere zilipo zambiri. Batire la laputopu yathu linafa kalekale, magetsi akangothima nayonso imathima pompo. Zikachitika Ubuntu ili m'kati molemba, zinthu zitha kusokonekera, mawa lake n'kukana kuyaka. Hard disk nayo yakalamba, ndipo kutentha kwa kuno kunyanja mu October sikuichitira chifundo. Palinso ngozi ya chala chabe. Ukafuna kuchotsa virtual machine pamndandanda, VirtualBox imakufunsa kuti usankhe Remove only kapena Delete all files. Wina wothamangira kupeza malo oikamo mafilimu akadina yachiwiriyo, basi, zapita, ndipo mu Recycle Bin simukazipezamo.

Ndamva ena akuti, "Aaa, nanga si timatenga snapshot?" Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa apa ndi pomwe ambiri timadzinamiza. Snapshot ndi chizindikiro chongokumbutsa momwe kompyuta ya m'kati ija inalili tsiku lakutilakuti, kuti ikasokonekera mubwererenso pomwepo. Ndi yabwino pa ntchito yakeyo. Koma imakhala pa hard disk yomweyo, mu foda yomweyo, ndiponso payokha siingayake, imadalira fayilo yaikulu ija. Laputopu ikabedwa, snapshot yapita nayo. Hard disk ikafa, yafera limodzi.

Choopsa kwambiri ndi ichi. Tiyerekeze snapshot inatengedwa pa 1, ndipo pa 10 achemwali ena alemba kalata yofunsira ntchito n'kuisunga mu Ubuntu. Pa 12 mnyamata wina wasokoneza zinthu, ndiye wina mwa ife, pofuna kukonza, wabwezeretsa snapshot ya pa 1 ija osasunga kaye zomwe zilipo. Ubuntu iyaka bwinobwino ngati yatsopano, tonse tiwomba m'manja. Koma kalata ya pa 10 ija kulibe, ndalama zomwe zinalembedwa m'kaundula Loweruka la pakatipo kulibenso. Inu mukuwadziwa anthu pa nkhani ya ndalama. Adzatikhulupirira ndani tikadzati kompyuta yaiwala?

Ndiye chochita n'chiyani? Choyamba, tizitulutsa mafayilo. Ubuntu yeniyeniyo si ya mtengo wapatali, ikafa titha kuikamo ina masana amodzi. Zamtengo wapatali ndi zomwe talemba ife, ndipo zimenezo ndi zazing'ono, zonse pamodzi zikwana pa fulashi yotchipa. Njira yosavuta ndi shared folder, foda imodzi yomwe Windows ndi Ubuntu zonse zimaiona. Imafuna kuti mu Ubuntu muikidwe kaye Guest Additions, kenako mupita ku Settings, Shared Folders, n'kusankha foda ya ku Windows. Chilichonse chosungidwa m'menemo sichili m'thumba muja, ndipo kubwezeretsa snapshot sikuchikhudza. Koma chonde musati mwamaliza. Foda imeneyo idakali mu laputopu yomweyo, mwangochotsa usipa m'thumba koma udakali m'boti.

Akatswiri ali ndi lamulo lomwe amalitcha 3-2-1: chinthu chofunika chikhale patatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo chimodzi chikhale kwina, kutali ndi zinazo. Kwa ife zikutanthauza laputopu, fulashi ndi Google Drive. Google imapereka 15 GB yaulere kwa aliyense amene ali ndi Gmail, kungoti malowo mumagawana ndi maimelo ndi zithunzi zanu. Makalata ndi kaundula sizidya bandulo, ya TNM kapena Airtel yaing'ono yomwe ikwanira. Chomwe simungakweze pa intaneti ndi fayilo ya .vdi ija, poti imapitirira 10 GB mosavuta. Bandulo yake agula ndani?

Zoti chimodzi chikhale kwina musazitenge ngati nkhani ya m'mabuku. Tonse tikukumbukira madzi osefukira aku Dwangwa kumapeto kwa February 2024, momwe anthu anathawira ndi zovala za m'thupi zokha. Nyanjanso chaka chomwecho inakwera n'kulowa m'nyumba za anthu m'mphepete muno. Fulashi yogona m'chikwama chimodzi ndi laputopu siithandiza kanthu tsiku lotere. Ine maganizo anga ndi akuti izigona kwa a msungichuma, laputopu n'kumagona kwa a mlembi.

Za fulashi ndionjezepo ziwiri. Zina zomwe amagulitsa motchipa pamsika zimalembedwa 64 GB koma m'kati muli malo ochepa, zimalandira mafayilo ngati zili bwino, tsiku lotsegula mupeza zinyalala. Ndiponso fulashi ya kalabu isapite kokopetsa nyimbo ndi mafilimu, kumene kuja mavairasi osandutsa mafoda kukhala ma shortcut ali mbwee. Ikamaliza ntchito yake izulidwe, isungidwe.

Tsono mwina tikufunanso kusunga virtual machine yonse, kuti laputopu ikafa tikaidzutse pa kompyuta ina momwe inalili. N'zotheka, kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Koma muithimitse kaye kwenikweni, shut down, osati kungoigoneka ndi Save state, ndipo musayerekeze kukopa ikuyaka. Fayilo yokopedwa Ubuntu ili m'kati molemba itha kutuluka yopunduka, inu osadziwa mpaka tsiku lomwe mukuifuna. Musakopenso .vdi yokha, chifukwa ngati pali ma snapshot, zonse zatsopano zili mu foda ya Snapshots, ndiye mudzapeza Ubuntu ya miyezi yapitayo. Kopani foda yonse, apo ayi pitani pa File, Export Appliance, ikupatsani fayilo imodzi yothera ndi .ova yomwe VirtualBox ya pa kompyuta ina itha kuilandira. Fulashi ikakana n'kumati fayilo yakula pomwe malo alipo, vuto ndi FAT32, yomwe silandira fayilo yoposa 4 GB. Muisinthe ikhale exFAT kapena NTFS, koma dziwani kuti kufomata kumafufuta zonse zomwe zilimo.

Pali china chomwe chikundidetsa nkhawa. Tikayamba kukopa uku ndi uku, zitupa za anthu ndi ngongole zawo ziyamba kuyenda m'matumba. Fulashi ikagwa pa depoti, wotola aona nambala ya chitupa chanu, aonanso kuti achimwene akuti ali ndi ngongole. Ndiye mafayilo otere tiziwatsekera kaye ndi pasiwedi, pulogalamu yaulere ya 7-Zip imachita zimenezo. Pasiwediyo aidziwe anthu awiri, osati mmodzi, poti mmodziyo mawa atha kuitanidwa sukulu ku Lilongwe kapena kupita ku Joni, foni n'kusintha.

Loweruka likubwerali, magetsi akakhalapo, aliyense amene ali ndi kanthu mu Ubuntu abwere adzaloze mafayilo ake tiwatulutsire mu shared folder. Tikakopa, fulashiyo tikaiyesa pa kompyuta ina, titsegule kaundula ndi ma CV angapo tione ndi maso athu kuti akutseguka. A msungichuma, tikupempha kuti ndalama ya fulashi yatsopano ndi bandulo ichoke m'thumba la kalabu, ndipo kope la banki m'khonde lolemba pamanja lija lipitirire, lisatayidwe. Mpaka tsikulo, chonde pasapezeke wodina Restore pa snapshot iliyonse.