Namkungwi wa Mphunzitsi wa Zaluso

 Nkhani yanga lero ndi ya mphunzitsi wachinyamata amene watumizidwa kusukulu kwanu kudzazoloŵera ntchito asanalandire satifiketi, ndiponso ya inu amene mwapatsidwa udindo womulangiza pa phunziro la zaluso, lija timalitcha Expressive Arts.

Monga mudziŵa, ophunzira uphunzitsi, kaya ndi a ku koleji ya St Joseph's ku Bembeke kaya ndi a kwina, sakhala kukoleji zaka zonse ziŵiri. Dongosolo lomwe linakonzedwanso m'chaka cha 2017 linagaŵa maphunziro awo patatu: materemu aŵiri kukoleji, aŵiri m'sukulu, ndi aŵiri otsiriza kukoleji konko, kenaka mayeso a bungwe la MANEB. Materemu aŵiri apakatiwo ndiwo ali m'manja mwanu.

Tsiku lina ndinaloŵa m'kalasi ya Sitandade 5 pa sukulu ina, ndipo ndinapeza mtsikana wophunzira uphunzitsi akuphunzitsa za kuumba miphika. Pabolodi anali atalembapo mfundo zabwino ndithu, ana akukopera mwakachetechete, koma m'chipinda monsemo munalibe dongo ngakhale lodzaza dzanja. Ena mwa anawo amayi awo ndi oumba mbiya. Nditamfunsa anati, "Pepani bambo, sukulu ilibe zipangizo." Mlangizi wake nkuti ali ku ofesi akuchonga makope. Mlandu unali wa yani? Akulu anati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Chifukwa chake chimadziŵika. Mayeso a Sitandade 8 a phunziroli ndi olemba, choncho aphunzitsi ambiri amaona ngati kuloŵeza mfundo ndiye njira yachidule. Koma mwana amene waloŵeza mawu osakhudza dongo watayidwa, ndipo mphunzitsi amene wazoloŵera zotere akadali wophunzira adzaphunzitsa choncho mpaka kupuma ntchito.

Ife a ku Dedza sitiyenera kudandaula za zipangizo, pakuti sukulu yakale ya zojambula ili pakhomo pathu. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, alenje aja anakhalako kale. Zoyera zinajambulidwa ndi Acheŵa ndi dothi loyera, ndipo zambiri zimakhudza nyau ndi chinamwali. Pitani ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi mukaone nokha. Anthu amenewa sanagule utoto m'sitolo. Ndiponso namkungwi sankangolankhula ayi: ankaonetsa, namwali n'kuchita, iye n'kukonza pamene palakwika. Uwu ndiwo udindo wa mlangizi.

Tsono inu alangizi, yambani ndi kuphunzitsa inuyo wophunzirayo akuonerera. Mutengeni mupite naye kudambo mukakumbe dongo, mumsonyeze kuchotsa timiyala ndi kulikanda mpaka lifeŵe. Muuzeni kuti choumba chimaumitsidwa pamthunzi, pakuti padzuŵa chimang'aluka, ndi kuti m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi chimachedwa kuuma, kotero phunziro la kuumba alikonzere masiku okwanira. Makala apamoto ndi pensulo, katondo ndi utoto wofiira, nthenga ya nkhuku ndi burashi, phala la ufa wa chinangwa ndi zomatira. Ngakhale mbatata ya kachewere, imene Dedza amatchuka nayo, mukaidula pakati n'kuisema imasanduka chidindo chosindikizira maluŵa papepala.

Kenaka msiyireni kalasi, inu mukhale kumbuyo ndi kope lanu. Akalakwa musamdule mawu pamaso pa ana. Dikirani aŵeruke, ndipo yambani ndi kumfunsa mmene iye mwini waonera phunzirolo. Mtchulireni chimodzi chimene wachita bwino ndi chimodzi choti akonze maŵa. Zophophonya khumi zonenedwa tsiku limodzi zimangomfooketsa.

Musaiŵale za mapepala. Aphunzitsi a kukoleji akabwera kudzamuona, amafuna kupeza chikonzero cha ntchito ya teremu, chikonzero cha phunziro lililonse ndi kaundula wa mmene ana akuchitira. Onani zimenezi sabata ndi sabata, osati usiku woti alendo afika maŵa. Mulimbikitseninso kusunga zina mwa ntchito za ana, chifukwa akadzabwerera kukoleji kukakonzekera mayeso, adzayankha za zinthu zimene manja ake anazigwira.

Ndipo inu ophunzira, musachite manyazi kufunsa. Mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Ngati simudziŵa kuluka mkeka kapena kuumba, m'mudzi momwemo muli amisiri. Ku Mua, kumunsi kwa mapiri athuwa, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo osema ambiri anatulukira pamenepo pophunzira pafupi ndi anzawo odziŵa kale.

Satifiketi idzachokera ku Zomba, koma mphunzitsi amene adzailandire akuumbidwa m'kalasi mwanu teremu ino. Muumbeni mosamala dongo likadali lofeŵa.