Sitima Yausiku Kapena Ndege Yotchipa? Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Bungwe Lathu

 A komiti adandipempha kuti ndinenepo za maulendo akunja, poti ambiri mwa ife masiku ano timatumidwa ku misonkhano ku Ulaya, ndipo ena tili ndi ana amene akuphunzira kumeneko. Funso lake ndi ili: mwafika ku Brussels ndipo mukufunika ku Berlin kapena ku Prague mawa lake. Kodi mukwere sitima yausiku, kapena ndege zotchipa zija monga Ryanair?

Ambirife tikamva za sitima timakumbukira ya pa Limbe ndi Balaka, tsono timathamangira ndege. Mtengo umene mumauona pa intaneti umakopadi, koma si ndalama zonse zimene mudzalipire. Ndege zotere zimalola ulere kachikwama kakang'ono kokha kolowa pansi pa mpando. Sutikesi yathu ija, yodzaza masuti, zikalata ndi mphatso za abale, ili ndi mtengo wakewake, ndipo nthawi zina umaposa wa tikiti. Komanso mabwalo a ndegezi amakhala kutali. Charleroi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Brussels, Beauvais pafupifupi 85 kuchokera ku Paris, ndipo bwalo lotchedwa Frankfurt-Hahn lili makilomita oposa 100 kuchokera ku Frankfurt. Basi yopita kumeneko mulipira nokha. Ndege ikakhala yonyamuka m'bandakucha, ndiye kuti mugona ku hotela kapena pa benchi la pabwalopo.

Apa m'pamene sitima imapambana. Imanyamukira m'kati mwa tauni, nikusiyani m'kati mwa tauni ina, katundu wanu muli naye pafupi, ndipo usiku umenewo simulipira hotela. Kwa ife ogwira ntchito m'boma, amene alawansi yathu timaiwerenga ndi zala, imeneyo si nkhani yaing'ono. Kampani ya European Sleeper idayamba kuyendetsa sitima ya Brussels kupita ku Berlin m'chaka cha 2023, ndipo mu 2024 idaifikitsa ku Prague. A njanji a ku Austria ali ndi sitima zawo zotchedwa Nightjet, monga ya Amsterdam kupita ku Vienna. Malo alipo a mitundu itatu: mpando wamba, chipinda cha mabedi osanjikizana chogona anthu angapo, ndi chipinda chodula cha munthu mmodzi, awiri kapena atatu. Pa msinkhu wathu uno mpando wamba sindingaulimbikitse. Mudzafika mu msonkhano khosi lili gwa, maso ali psuu. Amayi dziwani kuti mutha kupempha chipinda cha amayi okhaokha.

Koma sitima nayo ili ndi zake. Ya Brussels ija sinyamuka tsiku lililonse, mabedi amatha msanga, ndipo mukachedwa kugula mtengo umakwera mpaka kuposa wa ndege. Kuchedwa panjira kumachitikanso. Malamulo a European Union amati sitima ikachedwa ndi ola limodzi akubwezereni gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa tikiti, ikachedwa maola awiri akubwezereni theka. Ndege ya ulendo waufupi ikafika mochedwa ndi maola atatu chifukwa cha vuto la kampaniyo, chipukutamisozi chake ndi mayuro 250. Sungani matikiti, ndalamazo sizibwera zokha popanda kuzipempha.

Tsono mundimvetse bwino pa ichi. Tikiti ya ndege yotchipa kapena ya sitima ndi yosiyana ndi tikiti yanu yobwerera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Yoyambayo ikakuchedwetsani, ndege yaikulu ija sikudikirani, ndipo eni ake alibe nanu mlandu. Mudzagula tikiti ina ndi ndalama za m'thumba mwanu, kwinaku masiku a viza yanu ya Schengen akutha. Choncho ine popita ku msonkhano ndimakwera sitima, bola ndipeze bedi ndipo msonkhanowo ukhale woyamba masana. Pobwerera kumudzi ndimafika mu mzinda wokwerera ndege yaikulu kutatsala tsiku lathunthu, kaya ndabwera pa njanji kaya mumlengalenga.

A Wapampando, nthawi yanga yatha. Amene muli ndi mafunso pa zagulidwe ka matikiti mundipeze pa tiyi.