Bungwe la Tenesi la ku Barellan

Lero sindinena za chimanga ai. Ku Australia kuli mudzi wa alimi a tirigu, dzina lake Barellan. Eni mudziwo anali ndi bungwe la tenesi, masewera omenyerana kampira pamwamba pa ukonde. Tsiku lina Bambo Bill Kurtzman anaona mtsikana alikusuzumira pa mpanda wa bwalo. Anali Evonne Goolagong, mwana wa munthu wometa nkhosa, wa mtundu wa Aborigine umene Azungu ankaunyoza. Enafe tikadamthamangitsa, koma iwo anamuitana kuti alowe. Pambuyo pake anthu anasonkha ndalama zomthandiza kukaphunzira ku Sydney. M'chaka cha 1971 anapambana ku Wimbledon ali ndi zaka 19, napambananso mu 1980 atabereka kale mwana.