Chilonda cha M'kamwa Musachilekerere
Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa ophunzira akale ku Chitedze

 Mwandipempha kuti ndinenepo za khansa ya m'kamwa ndi njira yoichotsa pogwiritsa ntchito kuwala kotchedwa leza.

Leza ndi kuwala kwamphamvu kolunjika pamalo amodzi ngati nsonga ya singano. Makina oyamba anawapanga Theodore Maiman ku America mu 1960. Mu 1964, Kumar Patel anapanga leza ya mpweya wa carbon dioxide, ndipo pofika 1972 madokotala awiri a ku Boston, Strong ndi Jako, anali kuigwiritsa ntchito pochita opaleshoni ya pakhosi.

Imagwira ntchito bwanji? Mnofu wathu uli ndi madzi ambiri. Kuwalako kukafika pa mnofu, madziwo amawira nthawi yomweyo, mnofu n'kudukika bwinobwino. Kutenthako kumatsekanso timitsempha ting'onoting'ono, choncho magazi satuluka ambiri. Dokotala amalowera pakamwa pomwepa osacheka tsaya, amachotsa chotupa pamodzi ndi kamnofu kabwino kozungulira, n'kutumiza kokapimidwa. Nthawi zambiri bala limapola lokha osasoka, ndipo munthu sachedwa kuyamba kudya ndi kuyankhula.

Koma mundimvetse pano, anzanga. Leza imathandiza kwenikweni khansa ikadali yaing'ono, makamaka yosapitirira masentimita 2, isanalowe m'fupa kapena kufalikira kwina. Makinawa ndi okwera mtengo ndipo amapezeka kwambiri m'zipatala zazikulu za maiko olemera. Komabe tisataye mtima, pakuti chotupa chaching'ono dokotala amachichotsa bwino ndi mpeni wamba wa opaleshoni. Chopulumutsa munthu ndi kufika msanga kuchipatala. Mu 2022 anthu oposa 380,000 pa dziko lonse anapezeka ndi khansa ya milomo ndi m'kamwa, ndipo pafupifupi 188,000 anamwalira nayo. Ambiri amafika mochedwa.

Kwathu kuno, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nsaru ndi Kabudula, fodya ndi mbewu yathu. Ena a ife fizi inachokera m'chigafa. Koma fodya yemweyo akalowa m'kamwa ndi mdani, kaya ndi ndudu, chingambwe kapena wotsina uja agogo amaika kunsi kwa mlomo. Mukaphatikiza ndi kachasu ndiye ngozi imakula kwabasi.

Tsono yang'anirani izi: chilonda chosapola pakatha milungu itatu, banga loyera kapena lofiira pa lilime, m'tsaya kapena pa nkhama, kachotupa m'khosi, dzino logwedezeka popanda chifukwa. Poyamba sichipweteka, n'chifukwa chake ambiri amangochukucha madzi a mchere n'kumadikira. Musatero ayi. Pitani kuchipatala chapafupi, kapena ku St Gabriel ku Namitete, kapena ku Kamuzu Central kumene kuli madokotala a mano ndiponso chipatala cha khansa. Akanena kuti adule kamnofu kokapima, musakane; ndiyo njira yodziwira zoona.

Ife tinapita kusukulu, ndipo kumudzi amatimvera. Mukapita kukaona makolo, tengani tochi, muwapemphe mwaulemu ayasamule, muone pansi pa lilime ndi m'mbali mwake. Ngati pakufunika ya basi, alipirireni. Paja akulu anati mbewa ya manyazi idafera kuuna.