Maina Athu m'Mabuku a Boma: Alipira Ndani, Aona Ndani?

Nkhani yathu ya lero ndi ya kalembera: maina athu amene ali m'mabuku ndi m'makompyuta a Boma, m'mene nthambi za Boma zimagawirana mainawo, ndiponso ndalama zoyendetsera ntchitoyi. Ena angaganize kuti iyi ndi nkhani ya anthu ophunzira a ku Lilongwe. Ayi, ndi nkhani ya feteleza, ya mankhwala ndi ya chimanga cha chithandizo. Ndi nkhani yathu.

Timalembedwa kangati?

Tiyerekeze mayi wamasiye wa kwa Kadewere amene akulera adzukulu atatu. Anyakwawa adamulemba m'kaundula wa m'mudzi. Alangizi a zaumoyo adalemba ana aja kusikelo. Aphunzitsi adawalemba kusukulu. Alangizi a zaulimi adalemba munda wake. A zachisamaliro cha anthu adabwera kudzaona nyumba yake. Bungwe lililonse lobwera ndi thandizo limamuyitananso pansi pa mtengo kuti alembedwe mwatsopano. Mayiyu ndi mmodzi, koma ali m'mabuku asanu ndi limodzi, ndipo mabukuwo sadziwana. M'buku lina dzina lake lidalakwika, m'buku lina adamuchepetsera zaka, m'buku lina mulibemo.

Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti m'boma lathu la Chiradzulu muli anthu oposa 356,000. Tikaganiza kuti aliyense wa iwo akulembedwa kambirimbiri, tiona kuti nthawi, mapepala, mafuta a galimoto ndi ndalama za alawansi zikuonongeka pa ntchito imodzimodzi. Mabuku akamatsutsana, mpamene pamalowa chinyengo: maina a anthu omwalira amalandira, pamene amoyo akugona ndi njala.

Kugawana mbiri n'kutani?

M'maiko ena muli mizinda imene amaitcha yamakono kapena yanzeru. Nzeru yake si nyumba zosanja ayi. Nzeru yake ndi yakuti a zamadzi, a zachipatala, a zamisewu ndi a zamaphunziro amauzana zimene akudziwa kudzera m'makompyuta olumikizana, kotero kuti thandizo limafika msanga pamene likufunika. Dziko laling'ono la Estonia ku Ulaya lidayamba kulumikiza maofesi ake motere mu 2001. Kumeneko lamulo limaletsa ofesi ya boma kufunsanso nzika chinthu chimene ofesi ina idalemba kale, ndipo nzika imatha kuona yokha ofesi imene yatsegula mbiri yake.

Ife sitili mumzinda, koma mfundo yake ndi yomweyo. Mutu umodzi susenza denga. Achipatala akadziwa kuti m'mudzi wakuti ana akutsekula m'mimba, a zamadzi ayenera kumva tsiku lomwelo kuti akaone mjigo. Aphunzitsi akaona kuti ana a banja lina asiya sukulu, a zachisamaliro cha anthu ayenera kudziwa.

Zimene zidachitika kale kuno kwathu

Ntchitoyi idayamba kale m'Malawi muno. Mu 2017 nthambi yoona za kalembera wa nzika ya NRB, mothandizidwa ndi bungwe la UNDP, idalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo ndi kuwapatsa zitupa za unzika. Chitupa chimenechi chili ndi nambala imene ndi ya munthu mmodzi yekha. Nambalayo ndiyo chingwe chomangira pamodzi mabuku osiyanasiyana. Ndi chitupa chomwechi tidalembetsera chisankho cha 2019, ndipo pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, alimi ankagula feteleza poonetsa chitupa m'malo mwa makuponi a mapepala.

Palinso kaundula mmodzi wa mabanja wotchedwa UBR. Cholinga chake ndi chakuti banja lilembedwe kamodzi, ndipo mapulogalamu osiyanasiyana, monga Mtukula Pakhomo ndi ntchito zachitukuko zolipidwa, azitenga maina m'kaundula yemweyo. Olemba amafika pakhomo ndi kufunsa za anthu a m'banjamo, za nyumba, za munda ndi ziweto. Kompyuta imasanja mabanja kuyambira osaukitsitsa, kenaka maina amabwerera kumudzi kuti anthu awatsimikize pa msonkhano. Chiradzulu lidali limodzi mwa maboma khumi amene adalowa m'gawo loyamba la kalemberayu cha mu 2017. Nthawi imeneyo ankalemba theka la mabanja a m'boma, ndipo pambuyo pake padagwirizanidwa zoti azilemba mabanja onse.

Phindu lake limaoneka bwino pa nthawi ya ngozi. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023. M'dziko muno anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Kuno kwathu matope ndi miyala zochokera m'phiri zidakokolola mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe. Madzi akatenga nyumba amatenganso chitupa, kabuku ka kuchipatala ndi makope a ana. Munthu wotere amafika kumalo othawirako ali chimanjamanja. Ngati mbiri yake ikusungidwa bwino ndipo maofesi amauzana, achipatala angathe kudziwa mankhwala amene amamwa, a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi angathe kudziwa kukula kwa banja lake, ndipo sayenera kuima pa mizere isanu kuti atsimikize kuti iye ndi iye.

Ndalama zake zichokera kuti?

Apa ndiye pagona nkhani. Kulumikiza mabuku a Boma si ntchito yaulere, ndiponso si ntchito ya tsiku limodzi. Pamafunika makompyuta ndi mafoni, magetsi kapena sola, netiweki, malo osungira mbiri motetezeka, ndi anthu ophunzitsidwa amene alandire malipiro mwezi ndi mwezi. Koposa zonse pamafunika ndalama zokonzera kaundula chaka ndi chaka, chifukwa anthu amabadwa, amamwalira, amakwatiwa ndi kusamuka. Banja limene lidali bwino mu 2017 mwina lero bambo adamwalira ndipo mbuzi zidagulitsidwa. Kaundula wosakonzedwa amanama ngakhale adalembedwa moona.

Mbali yaikulu ya ndalama za ntchitozi yakhala ikuchokera kunja. Mtukula Pakhomo idayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo idafika m'maboma onse 28 mu 2018. Pa nthawi imeneyo Boma lathu linkalipira lokha boma limodzi, la Thyolo. Maboma ena onse ankadalira World Bank, dziko la Germany, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya ndi dziko la Ireland. Kuno ku Chiradzulu ndalama zake, pamodzi ndi za kalembera wa UBR, zidachokera ku World Bank kudzera mu MASAF 4. Mu 2017 banki yomweyi idavomereza ngongole ya madola 72.4 miliyoni ya pulojekiti ya Digital Malawi, yofuna kufalitsa intaneti ndi kulumikiza maofesi a Boma. Timve bwino: imeneyi ndi ngongole, ndipo odzabweza ndife ndi ana athu.

Sitikunyoza otithandiza, tikuwathokoza. Koma makolo adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri kumaiko akunja, ndipo ntchito zaumoyo m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, zidagwedezeka. Pulojekiti imakhala ndi tsiku lothera, pamene kaundula wa nzika alibe tsiku lothera. Ndiye monga m'mene mlatho ndi mjigo zimafunira ndalama zokonzera, ntchito yosunga ndi kugawana mbiri iyenera kukhala ndi gawo lake m'bajeti ya dziko imene aphungu amavomereza ku Nyumba ya Malamulo, ndiponso m'bajeti ya khonsolo yathu.

Tisaiwale kuti ndalama za Boma ndi ndalama zathu. Tikagula mayunitsi a foni timakhoma msonkho. Tikakwera minibasi ya ku Limbe, m'mtengo wa mafuta muli msonkho. Mayi wogulitsa tomato ku Mbulumbuzi kapena ku Namitambo amadula chiphaso cha msika. Wolipira ali ndi ufulu wofunsa.

Zoyenera kuchenjera nazo

Choyamba ndi chinsinsi. Kugawana sikutanthauza kuti aliyense aziona zonse. Boma lathu lino lidali limodzi mwa malo oyamba m'Malawi kupereka mankhwala otalikitsa moyo m'chipatala cha Boma, pamene bungwe la MSF lidayamba ntchitoyi mu 2001. Abale athu ambiri ali moyo lero chifukwa adakhulupirira kuti zimene anena kuchipatala zithera komweko. Wolemba maina a feteleza alibe chifukwa chodziwira matenda a munthu. Ofesi iliyonse ione zokhazo zimene zikufunika pa ntchito yake. Chinsinsi chikaululika chili ngati madzi otayika, saoleka.

Chachiwiri ndi zolakwika. Kale dzina likalakwika m'buku limodzi, munthu ankapulumukira m'buku lina. Mabuku akalumikizana, cholakwa chimodzi chimamutsata paliponse. Gogo amene alibe chitupa, kapena amene zala zake zidafufutika ndi khasu kotero kuti makina sakuzizindikira, angathe kutsekeredwa kunja kwa thandizo lonse nthawi imodzi. Nchifukwa chake ndalama zokonzera zolakwika ndi zomvera madandaulo n'zofunika mofanana ndi ndalama zogulira makina.

Chachitatu ndi ndale ndi umbava. Kaundula wa osauka si wa chipani chilichonse, ndipo asagwiritsidwe ntchito pokopa kapena poopseza anthu pa nthawi ya chisankho. Tisaganizenso kuti kompyuta imathetsa kuba payokha. Pa nkhani ya Cashgate mu 2013, ndalama pafupifupi K24 biliyoni zidabedwa kudzera m'makompyuta oyendetsera chuma cha Boma, ndipo akubawo ankafufuta zimene alemba. Makina amamvera amene wawagwira. Chimene chimaopsa wakuba ndi maso a anthu.

Malamulo amene amatiteteza

Malamulo oyendetsera dziko lino, m'gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo gawo 37 limatipatsa ufulu wopeza nkhani zimene Boma likusunga. Lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani zoterezi lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Mwa lamuloli nzika ingathe kulemba kalata kukhonsolo kufunsa kuti ndalama zakuti zidagwira ntchito yanji. Mu 2024 mudayamba kugwira ntchito lamulo loteteza mbiri ya munthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limati wotilemba atiuze chifukwa chimene akutilembera, asunge mbiri yathu mosamala, ndipo atilole kuiona ndi kuikonzetsa ikalakwika. Palinso lamulo la maboma ang'ono la 1998, limene lidabweretsa mphamvu ku anthu kudzera m'makhonsolo. Koma lamulo losadziwika lili ngati mbeu yosungidwa m'nkhokwe, silimera.

Tichitepo chiyani?

Tiyambe ndi pakhomo pathu. Aliyense wokwanitsa zaka 16 akhale ndi chitupa cha unzika, mwana akabadwa alembetsedwe, ndipo munthu akamwalira imfa yake ilembetsedwenso. Chitupa chathu tisapereke kwa mavenda kapena kwa wina aliyense wolonjeza kutigulira feteleza, ndipo tisachipereke ngati chikole cha katapila.

Olemba akabwera, tiwalandire bwino koma tiwafunse mwaulemu mafunso anayi: mwachokera kuti, mukulemberanji, adzaone ndani zimene mukulembazi, ndipo zikalakwika tikadandaule kuti? Safunsa adadya phula. Ifenso tiyankhe zoona. Kubisa mbuzi kapena kubwereka ana a mnansi kuti tioneke osauka ndi kulanda chakudya m'kamwa mwa wamasiye.

Pa msonkhano wotsimikiza maina tipite tonse, amayi ndi abambo, ndipo tilankhule. Mafumu athu, tikupemphani ndi ulemu wonse kuti kaundula wa m'mudzi azikonzedwa nthawi ndi nthawi, ndi kuti maina aziwerengedwa poyera.

A komiti ya VDC ndi ADC, tengerani nkhaniyi kwa khansala. Mufunse kuti kaundula wa UBR wa dera lathu adakonzedwa liti komaliza, ndipo m'bajeti ya khonsolo muli ndalama zingati za ntchitoyi. Phungu wathu akabwera, tisamangomupempha mabokosi a maliro. Timufunse kuti otithandiza akadzachoka, Boma lakonza zotani kuti makinawa asadzazime, ndiponso kuti ngongole zimene zidatengedwa m'dzina lathu zidagula chiyani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mafunso okambirana m'magulu

1. M'zaka zitatu zapitazi, m'mudzi mwathu mwabwera kalembera kangati? Tidauzidwa zotsatira zake?

2. Kodi alipo m'mudzi mwathu okalamba, olumala kapena ana amasiye amene alibe chitupa kapena sali m'kaundula? Tiwathandiza bwanji mwezi uno?

3. Ndi zinthu ziti za ife zimene tingalole kuti maofesi azigawana, ndipo ndi ziti zimene ziyenera kukhala kuchipatala kokha?

4. Tisankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, amene akapereke mafunso athu ku ADC ndi kudzatiuza yankho pa msonkhano wotsatira.

Tiyeni tsopano tigawane m'magulu.