Bwalo Lopanda Mfumu

Khalani bwino, chifukwa lero ndabwera ndi mlandu.

Tiyambe ndi zimene mukuzidziŵa kale. Mbuzi za munthu zikaloŵa m'munda mwanu ndi kudya chimanga, mumatani? Simumenyana naye ai. Mumapita kwa amfumu. Nduna zimakhala pansi, mboni zimalankhula, ndipo amfumu amagamula kuti mwini mbuzi alipe. Akakana, mlandu umapita kwa a Gulupu. Mwini mbuzi amadziŵa kuti pamwamba pake pali wina.

Tsono ganizani mlandu womwewo, koma pabwalo palibe mfumu. Mwini mbuzi ndi mwini munda akhala pansi okha. Chigamulo sichingatuluke pokhapokha mwini mbuzi atavomera. Mwini mbuziyo ndi wolemera, ndipo ndi yemwe mumakakongolako mbeu. Kodi mlandu wotere ungathe tsiku limodzi? Umu ndi m'mene maiko akukambirana za kusintha kwa nyengo. Akhala pabwalo lotere zaka zoposa 30.

Nanga mbuzi zake ndi ziti? Ndi utsi. Mafakitale, magalimoto, ndege ndi makina opanga magetsi zimatentha malasha, mafuta ndi gasi. Mpweya wotuluka pamenepo sudziŵa malire a dziko. Umakwera m'mwamba n'kukhala ngati bulangete lofunda dziko lonse lapansi, ndipo kutentha kwa dzuŵa sikutulukanso bwino. Nyanja zikatentha, namondwe amabwera ndi mvula yambiri kuposa kale. Kwina mvula imachedwa, kwina imadula chimanga chikungomasula. Maiko a ku Ulaya ndi America adayamba kutentha malasha zaka zoposa 150 zapitazo, ndipo adalemera nao. Masiku ano China ndiye akutulutsa mpweya wambiri kuposa dziko lina lililonse. Nanga ife? Pa magawo 100 a mpweya umenewu, Africa yense amatulutsa magawo 4 okha, mwinanso osakwana.

Koma munda wodyedwa ndi wathu. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adafika m'chigawo cha kumwera. Mvula idagwa masiku angapo osaleka. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mu mzinda wa Blantyre. Ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje kudali kulira kokhakokha. Akufa ndi osoŵa adaposa 1,000. Anthu oposa 600,000 adathaŵa m'nyumba zao. Akatswiri ataŵerengera, adapeza kuti kumanganso zimene Freddy adaononga m'Malaŵi kufunika madola a ku America 680 miliyoni. Sungani nambala imeneyi m'mutu. Tibwererako.

Tsopano tione bwalo lija. Mu 1992 maiko adakumana ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, pansi pa bungwe la United Nations. Adagwirizana kuti vutoli ndi la onse, koma maiko olemera, amene adaliyamba, atsogolere kulikonza. Kuyambira 1995 nthumwi za maiko pafupifupi 200 zimakumana pafupifupi chaka chilichonse. Msonkhano umenewu pa wailesi mumamva akuutchula kuti COP.

Chodabwitsa n'chakuti kumeneko mfundo zazikulu sazichitira voti. Pa msonkhano woyamba adalephera kugwirizana za kavotedwe, ndipo nkhaniyo idangokhala choncho. Mfundo imadutsa ngati palibe amene waikana zolimba. Ubwino wake ulipo: Malaŵi ali ndi mpando monga m'mene maiko olemera alili ndi mipando. Koma kuipa kwake n'kwakuti dziko limene limadya ndalama za mafuta likhoza kungoti "ai", ndipo onse amabwerera kukafeŵetsa mau.

Ndikupatseni chitsanzo. Mu 2021 msonkhano udali ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Pa pepala adalembapo kuti maiko athetse kutentha malasha. Nthaŵi yotseka itakwana, India ndi China adati liu limodzi lisinthe. M'malo mwa kuthetsa, alembe kuchepetsa. Wapampando wa msonkhanowo, a Alok Sharma, adapepesa kwa nthumwi misozi ili m'maso, koma liulo lidasintha ndithu. Inu amene mwaphunzira kuŵerenga, mwaona? Kuthetsa ndi kuchepetsa ndi mau ooneka ngati apachibale, koma pakati pake pali zaka zambiri za utsi.

Musafulumire kudzudzula India. Iwo amati anthu ao ambiri ndi osauka ndipo akufuna magetsi. Amafunsa kuti, inu a ku Ulaya mudakhuta ndi malasha, bwanji mukutiletsa ife tisanadye? Ine ndimaona kuti funso limeneli lili ndi nzeru. N'chifukwa chake mlanduwu ndi wovuta. Aliyense pabwalopo ali ndi ana kunyumba.

Chinanso chimene chimagwedeza bwaloli ndi chisankho cha m'maiko ena. Taonani America. Mu 1997 ku Kyoto, m'dziko la Japan, kudapangidwa pangano loti maiko olemera achepetse utsi. Koma aphungu a ku America adali atanena kale chaka chomwecho kuti sadzalola pangano limene silimanga maiko monga China. Adavota 95, wotsutsa panalibe. Mu 2001 Pulezidenti George W. Bush adalikana panganolo poyera. Mu 2015 ku Paris, m'dziko la France, kudapangidwa pangano lina, ndipo America adaloŵamo. Pulezidenti Donald Trump adatulutsamo dziko lake mu 2020. Pulezidenti Joe Biden adalibwezamo mu 2021. A Trump atabwereranso pampando mu Januwale 2025, adasaina kalata yotulukanso. Kuloŵa, kutuluka, kuloŵa, kutuluka, ngati mkamwini wosakhazikika pamudzi.

Chifukwa chake n'chiyani? Wandale amaopa voti. Munthu wokumba malasha amavota, ndipo safuna ntchito yake ithe. Woyendetsa galimoto amavota, ndipo safuna mafuta akwere mtengo. Makampani a mafuta ali ndi ndalama zothandizira andale pa nthaŵi ya chisankho. Koma mai wa ku Nsanje amene nyumba yake idapita ndi madzi savota ku America.

Tifike pa ndalama, chifukwa mlandu wa mbuzi umathera pa kulipa. Mu 2009 ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, maiko olemera adalonjeza kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse kuthandiza maiko osauka. Biliyoni imodzi ndi mamiliyoni 1,000. Chaka cha 2020 chidafika, ndalamazo zinali zisanakwane. Zidakwana mu 2022, ndipo gawo lalikulu lidali ngongole, osati mphatso. Tamvani bwino pamenepa. Mbuzi zadya chimanga chanu, ndiye mwini wake akuti, "Pepani, ndikukongozani ndalama mukagule mbeu ina, mudzabweze." Akuluakulu adanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Pali nkhani ina yoŵaŵa koposa. Zinthu zina sizitchingika. Nyumba yagwa, ng'ombe zapita, munda wakwiririka ndi mchenga. Alipe ndani? Funso limeneli adayamba kulifunsa ndi anthu a pa zilumba zazing'ono za m'nyanja zazikulu, amene madzi akuŵadyera dziko. Mu 1991 dziko laling'ono la Vanuatu lidapempha kuti pakhale thumba la ndalama lothandiza oonongekedwa. Maiko olemera adakana zaka ndi zaka. Ankaopa kuti akangovomera, ndiye kuti avomera mlandu. Ngakhale ku Paris mu 2015 adaumirira kuti zilembedwe kuti panganolo silipatsa dziko lililonse mlandu wolipa.

Woyamba kutulutsa ndalama za ntchito imeneyi adali Scotland mu 2021. Adalonjeza mapaundi 2 miliyoni, ndipo zina mwa izo zidafika kuno ku Malaŵi. Zidali zochepa, koma zidachititsa manyazi akuluakulu. Mu 2022 madzi osefukira adamiza mbali yaikulu ya Pakistan. Chaka chomwecho msonkhano udali ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt. Maiko osauka adamanga mfundo imodzi, ndipo sadalole kugaŵanika. Msonkhano udapitirira tsiku lotsekera, mpaka olemera adavomera kuti thumba lija likhalepo. Kuchokera 1991 kufika 2022 ndi zaka 31. Mwana wobadwa chaka chopempha adali atakwatira kale.

Chaka chotsatira, 2023, ku Dubai, maiko adayamba kulonjeza zoponya m'thumbamo. Zonse pamodzi zidakwana madola pafupifupi 700 miliyoni. Mukukumbukira nambala ija ndidati musunge? Freddy yekha, m'Malaŵi mokha, 680 miliyoni. Thumba la dziko lonse lapansi likadangokwanira namondwe mmodzi wa kwathu kuno.

Komabe musati kupita kubwaloko n'kutaya nthaŵi. Chimene chidatsekula thumba lija ndi umodzi. Dziko losauka likalankhula lokha, mau ake amapita ndi mphepo. N'chifukwa chake maiko osaukitsitsa, oposa 40, ali ndi gulu lao, ndipo amalankhula ndi pakamwa pamodzi. Mu 2024 Malaŵi ndiye adali wapampando wa gulu limeneli. Chaka chimenecho msonkhano udali ku Baku, m'dziko la Azerbaijan. Maiko osauka ankafuna madola 1,300 biliyoni pa chaka. Zokambirana zitavuta, nthumwi za gulu lija pamodzi ndi za pa zilumba zidanyamuka n'kutuluka m'chipinda, dziko lonse likuona. Pomaliza olemera adalonjeza 300 biliyoni pa chaka pofika 2035. Ambiri adabwerera kwao okwiya.

Ena adayesa kufuna mfumu. Ophunzira za malamulo a pa zilumba za m'nyanja ya Pacific adakakamiza kuti nkhaniyi ipite ku khoti lalikulu la dziko lonse ku The Hague, ndipo boma la Vanuatu lidaisenza. Mu Julayi 2025 khotilo lidanena kuti maiko ali ndi udindo woteteza nyengo, ndipo dziko lonyozera likhoza kulipitsidwa. Mau amenewo ndi olemera. Koma adali uphungu chabe. Khotilo lilibe apolisi okagwira mbuzi.

Tsopano tibwerere kumudzi, chifukwa si bwino kuloza chala kunja kokha. Ndale za nyengo ziliponso pakhomo pathu.

Taonani makala. Mu 2020 lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa, ndipo zilango za ootcha makala popanda chilolezo zidakula. Lamulolo ndi labwino pa pepala. Koma m'tauni nyumba zambiri zimaphikira makala, chifukwa magetsi ndi gasi si onse angazipeze. Wootcha makala naye akufuna ndalama ya sopo ndi ya mwana kusukulu. Kumulanda njinga osamupatsa njira ina yopezera ndalama, maŵa mudzamupezanso m'phiri. Kudula mitengo kwathu si kumene kudabweretsa Freddy ai. Koma phiri lopanda mitengo siligwira nthaka, ndipo mtsinje wodzala mchenga suchedwa kusefukira. Mbali imeneyo ndi yathu.

Taonaninso izi. Wandale ali ndi zaka zisanu zokha. Akabwera ndi thumba la ufa madzi atasefukira, timaomba m'manja ndi kuvina, ndipo pa chisankho timamukumbukira. Akaika ndalama pa chipupa chotchinga madzi m'mbali mwa mtsinje, kapena pa nazale ya mitengo, palibe amamuimbira. Madzi amene sadaloŵe m'mudzi saoneka. Mtengo umatenga zaka khumi kuti ukule. Tsono iye asankhe chiti? Andale amaphunzira kwa ife. Chimene timaombera m'manja ndicho amabweretsa. Inenso ndidaomberapo m'manja thumba la ufa, sindinama, chifukwa njala ilibe maŵa.

Mwina mukufunsa kuti, nanga ine wa kumudzi mau anga angafike bwanji ku Baku? Njira ilipo, ngakhale ndi yaitali. M'mudzi muli komiti ya chitukuko. Pamwamba pake pali komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenaka khonsolo ya boma lanu. Muli ndi khansala, muli ndi phungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Nthumwi zathu zikamapita kunja zimanyamula manambala, ndipo manambala amenewo amayambira kwa inu. Nambala ija ya 680 miliyoni idapezeka chifukwa anthu adayenda n'kuŵerenga nyumba, milatho, masukulu ndi minda. Mlandu wopanda mboni umagwa.

Choncho gulani kope limodzi la mudzi. Lembanimo tsiku limene mvula yobzalira idagwa chaka chino. Lembani tsiku limene mtsinje udasefukira, ndi pamene madzi adalekeza. Lembani nyumba zingati zidagwa, mbuzi zingati zidapita, minda ya yani idakwiririka. Obwera kudzalemba maina a olandira thandizo akafika, muŵaonetse kopelo, ndipo muŵerenge zimene iwo alemba musanasaine.

Ndipo mukamva pa wailesi, kapena kwa khansala, kuti kwabwera ndalama za nyengo, imikani dzanja mufunse. Kodi ndi mphatso kapena ngongole? Kodi zafika, kapena ndi lonjezo chabe? Nanga pa ndalamazo, zingati zifike m'dera lathu lino, ndipo zigwire ntchito yanji? Amene muli ndi pensulo, lembani mafunso ameneŵa tisanabalalike. Amene simunathe kulemba, mnzanu wa pambali akuthandizeni.